Kodi wokana moto wosatha angakhale wotembenuka mtima zenizeni?

Chatsalira25
Abale, ndithandizeni. Pa felosipu yathu ya Lachinayi pali m'bale wina amene tonse timadziwa momwe analili kale: mowa, ndewu, ndalama za fizi za ana zonse zinkathera ku shabini. Anatembenuka mtima, ndipo kusintha kwake tikukuona ndi maso, mkazi wake ndiye mboni yoyamba. Sabata yatha tikuwerenga Mateyu 10, iye ananena kuti sakhulupirira zoti oipa adzapsa mpaka kalekale. Akuti adzaweruzidwa, adzalangidwa, kenako adzatheratu. Wotsogolera anamuyankha pamaso pa gulu kuti munthu wokana Gehena sanabadwe mwatsopano, ndipo amuletsa kutsogolera mapemphero. Ine mtima wanga sukuvomera. Kodi kuti munthu akhale mkhristu weniweni ayenera kukhulupirira kuti moto wa Gehena ndi wosatha? Chonde tisanyozane mipingo.

MotoKutiBuu
Wotsogolerayo sanalakwe. Mukachotsa Gehena, Yesu anafera chiyani pamtanda? Apa palibe zokambirana.

Nangozo_wa_Ntcheu
Zokambirana zilipo achimwene. Werengani bwino. Munthuyo sananene kuti chiweruzo kulibe. Wanena za kutalika kwa chilango.

MotoKutiBuu
Ngati mapeto ake ndi kungozimirira, chidakwa chiopa chiyani? Chizingoti ndimwe lero, tsiku lina ndidzatha basi.

MlondaWaSabata
Ndiyankhe ngati wa Seventh Day, poti ndikudziwa kuti dzina lathu litchulidwa posachedwapa. Zimene wanena m'baleyo ife takhala tikuphunzitsa kuno kuyambira pomwe mishoni ya Malamulo inayamba ku Thyolo mu 1902, ndipo sitinazitole pamsewu. Pa Mateyu 10:28, pomwe munkawerengapo, Yesu akuti tiope iye amene angathe kuwononga moyo ndi thupi lomwe m'Gehena. Yohane 3:16, imene mwana aliyense amaloweza, imaika zinthu ziwiri patsogolo pa munthu: kutayika kapena moyo wosatha. Aroma 6:23 akuti mphotho ya uchimo ndi imfa. Malaki 4 akuti tsikulo lidzawatentha osawasiyira muzu kapena nthambi, adzakhala phulusa pansi pa mapazi a olungama. Yuda vesi 7 akuti Sodomu ndi Gomora analangidwa ndi moto wosatha kuti akhale chitsanzo. Kodi lero Sodomu akuyakabe? Moto unazima utamaliza ntchito yake, koma mzindawo sunadzukenso.

Gwero la kusiyana kwathu ndi ili. Anthu amayamba ndi ganizo lakuti mzimu wa munthu sungafe, ndiye poti sungafe uyenera kukhala penapake mpaka muyaya. Koma 1 Timoteo 6:16 akuti Mulungu yekha ndiye wosafa. Ife moyo wosatha timaulandira ngati mphatso mwa Khristu. Amene wakana mphatsoyo adzautenga kuti moyo woti azipsa nawo kosalekeza?

A MotoKutiBuu, kuimirira pamaso pa mpando wachifumu woyera mabuku atatsegulidwa, zonse zobisika zili poyera, kenako n'kuponyedwa m'nyanja ya moto, inu mukuti n'zosaopsa?

MkuluWaMpingo_Mvera
Bambo Mlonda, mavesi mwawayala bwino, koma ena mwawasiya m'thumba. Mateyu 25:46 imaika chilango cha oipa ndi moyo wa olungama m'chiganizo chimodzi, ndipo zonse ziwiri n'zosatha. Mukafupikitsa chimodzi, chinzakecho muchiteteza bwanji? Chivumbulutso 14:11 akuti utsi wa kuzunzika kwawo ukwera ku nthawi za nthawi, ndipo alibe mpumulo usana ndi usiku. Munthu amene kulibe sasowa mpumulo. Onaninso Chivumbulutso 20:10, ndi Marko 9:48 pomwe pali mphutsi yosafa ndi moto wosazimika. Ife a Nkhoma timaphunzitsa Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, ndipo pa mafunso 10 ndi 11 amanena mosabisa kuti tchimo lochimwira ulemerero wa Wam'mwambamwamba liyenera chilango chosatha cha thupi ndi moyo. Ine ndimakhulupirira zimenezo, ndipo ndikanakhalapo pa felosipuyo ndikanatsutsana naye m'baleyo mpaka usiku.

Koma funso la a Chatsalira si lakuti ndani akulondola za moto. Akufunsa ngati munthuyo ali wa Khristu. Pamenepo wotsogolera uja anadumpha malire. Ndakhala pa bwalo la akulu ampingo tikufunsa anthu a m'kalasi asanabatizidwe. Timafuna kumva ngati akudziwa kuti ndi ochimwa, ngati akudalira Yesu yekha, ngati asiya za kale. Chikhulupiriro cha Atumwi chimene timanena Lamulungu chimati adzabwera kudzaweruza amoyo ndi akufa, chimatchula kuuka kwa thupi ndi moyo wosatha. Za zaka za moto mulibe. John Stott, mbusa wa Anglican wa ku London amene mabuku ake ali m'nyumba za abusa athu ambiri, analemba mu 1988 kuti iye amapendekera ku ganizo lakuti oipa adzawonongedwa kotheratu. Anzake anamutsutsa, ena anakhumudwa naye kwambiri, koma ndani angalimbe mtima kunena kuti munthu uja sanali mkhristu? Kumuletsa m'baleyo kuphunzitsa mutu umenewu pa gulu, ndingamve. Kumuuza kuti sanabadwe mwatsopano, ayi.

Kadaluka_Jozi
Mkulu wa mpingo ndi wa Sabata kugwirizana theka? Lero kugwa mvula.

MotoKutiBuu
Stott ndi ndani pamaso pa Mawu? Ine ndimatsata Baibulo, osati mzungu wa ku London.

MkuluWaMpingo_Mvera
Inenso pa mfundo imeneyi sindimutsata, mwana wanga. Ndamutchula kuti muone kuti si zidakwa zokha zimene zimafunsa funsoli.

Mayi_a_Tadala
Kwa ife Akatolika, Katekisimu wa mu 1992 pa ndime 1035 amanena kuti Gehena ilipo ndipo ndi yamuyaya, ndiye pamenepo tili limodzi ndi akulu a ku Mvera. Koma amawonjeza kuti chilango chachikulu cha kumeneko ndi kupatukana ndi Mulungu kosatha. Ndime 1037 akuti Mulungu sanakonzeretu munthu aliyense kuti akalowe ku Gehena, munthu amafikako pofulatira Mulungu mwadala mpaka kumapeto. Papa Yohane Paulo Wachiwiri, yemwe uja anabwera kuno mu 1989, anaphunzitsa mu Julayi 1999 kuti Gehena, koposa kukhala malo, ndi mkhalidwe wa munthu amene wadzipatula yekha kwa Mulungu.

Chimene ndikufuna kuthandizirapo ndi china. Ku tilitonse, maphunziro a ana a mpingo wathu, tinaphunzira kuti chisoni cha pa machimo chili pawiri. Pali kumva chisoni chifukwa choopa chilango, pali kumva chisoni chifukwa walakwira Mulungu amene umamukonda. Choyambacho mpingo suchitaya, nachonso ndi mphatso, chimamudzutsa munthu kuti ayambe ulendo. Koma changwiro ndi chachiwiricho. Ndiye ngati m'baleyo anasiya mowa ndi ndewu pomwe sakhulupirira n'komwe zoti adzapsa kosatha, mwina chimene chikumugwira ndi chachiwirichi. Ine sindingamuthamangitse, ndingamuphunzitse.

MotoKutiBuu
Amayi, nanga purigatoriyo yanu ija ili pa vesi iti?

Woyang'anira_Gulu
Purigatoriyo tinakambirana mwezi watha mpaka anthu awiri anatuluka pa gulu. Lero ayi.

Wophunzira_Zomba
Ndiwonjezepo za malo enieniwo. Gehena ndi chigwa chenicheni, chigwa cha mwana wa Hinomu, kumwera kwa Yerusalemu. Mafumu Ahazi ndi Manase anatentherako ana awo nsembe (2 Mbiri 28:3 ndi 33:6). Yosiya anadetsa malowo kuti zimenezi zileke (2 Mafumu 23:10), ndipo Yeremiya 7 akuti adzatchedwa chigwa chopherako anthu. Ndiye Yesu akatchula Gehena, omvera ake ankamva dzina la malo otembereredwa, a chiweruzo cha Mulungu. Nkhani ija timaikonda pa guwa yoti panali dzala la mzinda pomwe moto sunkazima, ofufuza amaipeza koyamba m'zolemba za mphunzitsi wa Chiyuda, rabi David Kimhi, cha m'ma 1200, patapita zaka zoposa 1,000 Yesu atakwera kumwamba. Alaliki tiziisamala.

Chachiwiri. M'Chipangano Chatsopano Gehena yatchulidwa ka 12, ka 11 pakamwa pa Yesu mwini, kamodzi pa Yakobo 3:6. Choncho amene amati za Gehena anazipeka ansembe kuti aziopseza anthu akunama, Yesu analankhula zimenezi mosazungulira. Koma werengani buku la Machitidwe, kumene tikuona anthu akutembenuka mtima masauzande. Petro pa Pentekoste, Filipo ndi mdindo wa ku Itiyopiya, Petro kwa Korneliyo, Paulo ku Atene. Amalalika Yesu wopachikidwa, wouka kwa akufa, amene adzaweruza dziko. Chiweruzo chilimo, pa 17:31, ndipo Felike anachita mantha pa 24:25 atamva za chiweruzo chilinkudza. Koma palibe ulaliki ndi umodzi womwe umene ukufotokoza kutentha kapena kutalika kwa moto. Woyang'anira ndende ku Filipi atafunsa kuti achite chiyani kuti apulumuke, anauzidwa kuti akhulupirire Ambuye Yesu, ndipo anabatizidwa usiku womwewo.

Dalaivala_wa_M1
Kukanakhala kuti alaliki a m'basi akuwerenga izi. Basi ili pa Wenela, anthu akudikira kuti idzaze, walowa munthu wa jekete ndi Baibulo lothetheka m'mbali. Mawu oyamba: ena mwa inu simufika pa Zalewa. Ine ndili pa chiwongolero, ndikumva. Afotokoza moto mpaka agogo ena ayamba kupukuta misozi ndi chitenje, onse atseka maso, akweza manja, abwereza pemphero. Kenako kathumba kayenda mpando ndi mpando. Iye atsika pa Kameza. Tikamafika pa Zalewa, omwe aja anakweza manja akukanganirana windo ndi mawu oti sindingalembe pano.

Kadaluka_Jozi
A Dalaivala, mwina mlalikiyo anaona mayendetsedwe anu.

Dalaivala_wa_M1
Ine ndimafikitsa anthu. Funsani.

Nangozo_wa_Ntcheu
Za m'basi n'zoseketsa, za pamaliro ndi zimene zimandipweteka. Kwathu anamwalira mnyamata amene ankamwa kachasu kwambiri. Mlaliki anaima pafupi ndi bokosi n'kunena kuti uyu pomwe tikulankhula pano akupsa. Mayi ake anali atakhala pamphasa pomwepo, azimayi awiri atawagwira mapewa. Chikhalireni sanapondenso ku tchalitchi. Anadziwa bwanji mlalikiyo zimene mnyamatayo analankhula ndi Mulungu wake ali m'chipatala? Mbala ya pamtanda ija ikanaikidwa kwathu kuno, akanailalikira zomwezo.

MkuluWaMpingo_Mvera
Achemwali, pamenepo mwanena zoona. Pamaliro timalalikira amoyo. Wakufayo nkhani yake ili m'manja mwa Woweruza.

Mdzukulu_wa_Kalonga
Poti mwafika pa akufa, ine funso langa ndi la makolo. Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre mu 1876, a ku Mvera mu 1889. Munthu woyamba kubatizidwa ku Livingstonia, Albert Namalambe, anabatizidwa mu 1881. Nanga anthu onse amene anakhala m'dziko muno zaka mazanamazana m'mbuyomo, amene ankathira nsembe kupempha mvula kwa Chauta ku Msinja ndi ku Khulubvi, dzina la Yesu osalimvapo? Mukundiuza kuti agogo a agogo anga akupsa kuyambira nthawi imeneyo, ndipo sadzaleka, chifukwa sitima ya amishoni inachedwa? Ichi ndi chimene chinandichotsa m'tchalitchi.

MotoKutiBuu
Machitidwe 4:12. Palibe dzina lina.

Mdzukulu_wa_Kalonga
Vesiyo ndimaidziwa. Sinayankhe funso langa.

Wophunzira_Zomba
A Mdzukulu, funso lanu si lachibwana, ndipo Paulo analiona. Pa Aroma 2:12-16 akuti anthu a mitundu amene alibe chilamulo ali nacho cholembedwa m'mitima mwawo, chikumbumtima chawo chikuwanenera kapena kuwakanira pa tsiku la chiweruzo. Pa Luka 12:47-48 Yesu akusiyanitsa kapolo amene anadziwa chifuniro cha mbuye wake ndi amene sanadziwe: wina adzakwapulidwa mikwapulo yambiri, wina pang'ono. Ndiye chithunzi chakuti onse ali m'ng'anjo imodzi pa moto wofanana si cha Yesu. Akhristu amasiyana pa zoti mavesi amenewa akutsegula khomo lalikulu bwanji. Chimene Machitidwe 4:12 akunena n'chakuti aliyense wopulumuka wapulumuka chifukwa cha Yesu. Abrahamu sanamvepo dzina lakuti Yesu wa ku Nazarete, koma palibe amene amamuika ku Gehena.

Mayi_a_Tadala
Ndipo msonkhano wachiwiri wa Vatican mu 1964 unanena kuti amene sanamve Uthenga Wabwino popanda kulakwa kwawo, koma anafunafuna Mulungu ndi mtima woona n'kumatsata chikumbumtima chawo mothandizidwa ndi chaulere chake, angathe kupulumuka. Bwererani ku tchalitchi achimwene, nkhani ya makolo isakutsekereni panja.

MkuluWaMpingo_Mvera
Ine sindingafike pomwe afika amayiwa. Ndimaima pa funso la Abrahamu pa Genesis 18:25, lakuti kodi Woweruza wa dziko lonse sadzachita zolungama? Makolo anu sadzalakwiridwa. Koma inuyo mwamva, ndiye nkhani yanu ndi ina.

Mdzukulu_wa_Kalonga
Ndamva. Sindinakhutire, koma ndamva.

Mboni_ya_ku_Mchinji
Ife a Mboni za Yehova sitikhulupirira za moto wozunza anthu. Mlaliki 9:5 akuti akufa sadziwa kanthu, ndipo pa Yeremiya 7:31 Mulungu akuti kutentha ana pamoto sikunalowe n'komwe mumtima mwake. Kwa amene akuti wopanda mantha a moto sangalimbe pa chikhulupiriro, kumbukirani mbiri ya dziko lino. Tinaletsedwa mu 1967, chiletso chinachotsedwa mu 1993. Anthu anamenyedwa, nyumba zinatenthedwa, ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapirira zimenezo poopa Gehena.

Nangozo_wa_Ntcheu
Zimenezo ngakhale amene samakutsegulirani pakhomo sangakane.

MkuluWaMpingo_Mvera
Sindikana, ndipo zimene anakuchitirani zinali zoipa. Koma kuti tisasokoneze a Chatsalira: kusiyana kwanga ndi a Mboni sikuyambira pa moto. Kukuyambira pa funso lakuti Yesu ndi ndani, ngati ali Mulungu wofanana ndi Atate kapena cholengedwa. Limenelo ndi funso la pamtima pa chikhulupiriro. La kutalika kwa chilango ndi lalikulu ndithu, koma silikhala pa mpando womwewo.

Mboni_ya_ku_Mchinji
Nkhani imeneyo ndingabwere kunyumba kwanu tidzakambirane.

Kadaluka_Jozi
Akulu, mwaziputa dala. Loweruka m'mawa yembekezerani odi.

Mlaliki_wa_Kanengo
Mukupeputsa zinthu. Chiphunzitso chikayamba kutsetsereka sichiima pamodzi. Carlton Pearson anali bishopu wa Pentekoste ku Tulsa, ku America, wokhala ndi mpingo wa anthu masauzande. Anayamba ndi chisoni, poona pa TV anthu a ku Rwanda akuvutika, n'kumafunsa ngati Mulungu angawaponyenso kumoto. Anathera pophunzitsa kuti anthu onse anapulumutsidwa kale, alape asalape. Mu 2004 mabishopu anzake analengeza kuti chiphunzitso chake n'chonyenga, ndipo mpingo wake unabalalika. Wotsogolera felosipu akaona utsi ayenera kuthira madzi msanga. Lero m'baleyo akuti moto udzatha, mawa adzati kulibe, mkuja adzati bwerani timwe.

MlondaWaSabata
Abusa, musaphatikize zinthu zosiyana. Pearson ankati onse adzalowa. Ife tikuti oipa sadzalowa, adzafa imfa yachiwiri ya pa Chivumbulutso 20:14, ndipo palibe kubwerera. Taphunzitsa zimenezi zaka zoposa 100 m'dziko muno, ndipo sitinafike pa bwerani timwe. Ife ngakhale fodya timaletsa.

Mlaliki_wa_Kanengo
Chabwino, n'zosiyana. Komabe amene akuphunzitsa pa gulu ayenera kuphunzitsa zimene gululo limakhulupirira.

Nachisale_Leeds
Ndawerenga zonse ndili pa ntchito ya usiku, ndiloleni ndinene zanga. Ndili ku sekondale ya atsikana yogonera konko, kunabwera gulu la achinyamata kudzachita sewero la tsiku lachiweruzo. Anazimitsa magetsi mu holo, anayatsa moto m'mgolo kuseri kwa nsalu yofiira, ena atadzipaka makala kumaso akukoka anzawo amene ankakuwa kupempha dontho la madzi. Atsikana ena anakomoka. Ataitana ofuna kulandira Yesu, tinathamangira kutsogolo pafupifupi holo yonse. Usiku umenewo sindinagone, ndinkaopa kuti ndikatseka maso ndidzukira kumoto. Kuyambira pamenepo krusedi iliyonse ikabwera ndinkapitanso kutsogolo, poopa kuti mwina ulendo watha uja sizinagwire.

Koma mumtima ndinali yemwe uja. Ndinali ngati mwana amene wasiya kuba ndiwo chifukwa waona chikwapu chili pakhomo, maso akadali pa mphika. Mulungu sindinkamukonda, ndinkamuzemba. Miseche, kaduka, bodza kwa makolo pa za ndalama, zonse zinalipo, kungoti ndinkazichita ndi mantha. Zinasintha ndili wamkulu kale, mayi wina wa Mvano atakhala nane pansi n'kuwerenga Aroma 5:8, kuti Khristu anatifera tili chikhalire ochimwa. Sanatchule moto. Tsiku limenelo ndinalira chifukwa cha zimene ndinachita, osati chifukwa cha zimene zidzandichitikire. Sabata yomweyo ndinapita kwa mng'ono wanga amene sitinkalankhulana.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti Gehena ndi yosatha, monga akulu a ku Mvera. Koma nthawi imene ndinkaikhulupirira kwambiri, mpaka kulota, ndi nthawi imene ndinali ndisanatembenuke. Ndiye sindingagwiritse ntchito chikhulupiriro chimenecho poyeza mtima wa munthu wina.

Nangozo_wa_Ntcheu
Yakobo 2:19. Ziwanda nazo zimakhulupirira, mpaka kunjenjemera. Za moto zimadziwa kuposa tonsefe.

MotoKutiBuu
Koma achemwali a ku Leeds, mukanapanda kuopa poyamba paja, mukanakhala pansi kumvera mayi wa Mvanoyo? Mantha aja ndi amene anakusungani pafupi.

Nachisale_Leeds
Mwina. Ena mwa amene tinathamangira nawo kutsogolo mantha omwewo anawathamangitsira kutali, lero safuna kumva dzina la tchalitchi.

WaKuHighfield
Moni kuchokera ku Harare. Makolo anga anachokera ku Dedza. Kuno ku Highfield kuli nkhani imene ikukhudza mbali zonse ziwiri, ya Stephen Lungu, amene ambiri kumudziko mumamudziwa poti anakhala ku Lilongwe mpaka anamwalira mu 2021. Anakulira m'misewu ya Salisbury, yomwe lero ndi Harare, atasiyidwa ndi makolo, n'kulowa gulu la zigawenga. Mu 1962 anapita ndi anzake pa tenti ya msonkhano wa Dorothea Mission atanyamula mabomba a petulo kuti autenthe. Anakhala pansi kuti amvere pang'ono asanayambe. Mlaliki, Shadrach Maloka wa ku South Africa, analalikira za mphotho ya uchimo ndi chiweruzo mosanyengerera, komanso za Yesu amene anakhala wosauka chifukwa cha ife. Lungu anapita kutsogolo. Chimene chimandigwira mtima ndi cha m'mawa mwake: anapita yekha ku polisi kukadziulula. Kenako anadzatsogolera bungwe lolalikira la African Enterprise.

Ndiye a MotoKutiBuu akulondola kuti ulaliki wa chiweruzo umagwira ntchito. Koma umboni woti munthu uja watembenuka sunali mayankho ake pa za Gehena. Panthawiyo kuwerenga komwe kunkamuvuta. Umboni unali mapazi ake kulunjika ku polisi.

Wophunzira_Zomba
Mkangano wa mmene tingadziwire wotembenuka weniweni ndi wakale kuno. A Livingstonia ankasunga munthu m'kalasi zaka asanamubatize. Elliot Kamwana atabwera ndi uthenga wa Watch Tower ku Nkhata Bay mu 1908, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yochepa, boma la atsamunda lisanamuchotse mu 1909. Ena ankayeza ndi mayeso ataliatali, wina sankayeza n'komwe. M'Baibulo muli anthu awiri oti tiwaike pamodzi. Simoni wamatsenga pa Machitidwe 8 anakhulupirira, anabatizidwa, ankatsatira Filipo, koma Petro anamuuza kuti mtima wake suli wolungama pamaso pa Mulungu, ndipo pempho lake linali loti zoopsazo zisamugwere. Zakeyu pa Luka 19 sanafunsidwe funso la katekisma ndi limodzi lomwe. Anaimirira n'kunena kuti theka la chuma chake apatsa osauka, ndipo amene anawalanda awabwezera kanayi. Yesu anati lero chipulumutso chafika m'nyumba muno.

Chatsalira25
Zikomo nonse. Ndalankhula ndi m'baleyo. Akuti alibe vuto kusaphunzitsa za mutuwu pa felosipu, chimene chamupweteka ndi kuuzidwa kuti si mwana wa Mulungu pamaso pa mkazi wake. Tapempha abusa kuti akhale nawo pansi awiriwo.

Mlaliki_wa_Kanengo
Abusawo amuphunzitsenso Mateyu 25. Musangothera pa kupepesana.

Osanditchula_Dzina
Pepani ndikupatutsani. Nkhani ya Zakeyu ndi ya Lungu yandisowetsa mtendere. Ndisanapulumuke ndinkagwira ntchito pa sitolo ya bambo wina, ndipo ndinkatulutsa matumba a feteleza usiku n'kumagulitsa. Sanandigwire, anachotsa ntchito mlonda. Bamboyo anamwalira. Ndinalapa kwa Mulungu kalekale. Kodi ndiyenerabe kubweza? Kwa ndani?

MotoKutiBuu
Mwazi wa Yesu unafafaniza zonse. Zakale zapita.

Nangozo_wa_Ntcheu
Eee, a Moto, pa m'bale wosiya mowa munali olimba, pa feteleza mwafewa?

MkuluWaMpingo_Mvera
Mwana wanga, kwa Mulungu munakhululukidwa, musakayike. Kubweza sikugula chikhululukiro. Koma ngongole kwa anthu ilipobe, ndipo Numeri 5:6-8 akuti wolakwa aulule, abweze, awonjezepo limodzi la magawo asanu, ndipo ngati mwini wake kulibe, apereke kwa wachibale. Bamboyo anasiya mkazi kapena ana? Yambirani pamenepo. Werengerani matumbawo pa mtengo wa lero, osati wa nthawi imeneyo. Ngati simungathe pakamodzi, nenani zoona, mugwirizane kuti muzipereka pang'onopang'ono. Musapite nokha, tengani abusa kapena mkulu wa mpingo, chifukwa simudziwa momwe adzazilandirire, ndipo nkhani ikhoza kufika ku polisi. Zimenezo muzidziwiretu musananyamuke.

Mayi_a_Tadala
Ndipo mlonda uja. Iye ndiye anataya ntchito ndi mbiri yake. Ali moyo?

Osanditchula_Dzina
Ali moyo. Amagulitsa makala pamsika wa kwathu. Timapatsana moni.

MkuluWaMpingo_Mvera
Ndiye muyambire kwa iyeyo, ana a bamboyo pambuyo. Mukapita kwa anawo mumutenge, akamve ndi makutu ake mukuwauza kuti sanabe ndi iye.